Nkhono Athamangitsa Dzuwa

Padangotero, tinyama tonse tinkacheza pansi pa mkuyu. Nkhono, mlendo pabwalopo, adatopa nalo phokoso la Nyenje, ndipo adakwawira kwa Gologolo.

"Achimwene, kodi wosokosa mumamuthamangitsa bwanji pano?"

Gologolo adatsinzinira anzake diso. "N'zosavuta. Tchulani dzina lake, mulowe m'chigoba chanu, mumate pakhomo ndi malovu. Achoka yekha."

"Nyenje, choka!" adafuula Nkhono, n'kulowa, n'kumata.

M'katimo mudangoti zii! Nyenje osamveka, Gologolo osamveka, ngakhale dzuwa lidazima. Nkhono adati mumtima mwake, "Mayo ine! Mphamvu zonsezi n'zanga? Ndathamangitsa ndi dzuwa lomwe!" Adaopa kutsegula, kuti angaone dziko lopanda kanthu.

Kunjaku anzake adaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma chilimwe chonse chidatha Nkhono ali duu, ndipo kuseka kudasanduka mantha. Gologolo ankagogoda chigobacho mtima uli m'mwamba, osayankhidwa.

Mvula yoyamba itafewetsa pakhomo, Nkhono adasuzumira. Adaona msipu, dzuwa likuwala, ndi anzake atamuzinga, kukamwa kuli yasa.

"Musaope," adatero mofatsa, akuganizabe kuti adawathamangitsadi. "Ndakukhululukirani nonse. Bwererani kuno."