Injini Yaonda

Atatsegula boneti, mkuluyo anangoti kakasi. Kagalimoto kake ka mipando iwiri, komwe anasungitsa kwa mng'ono wake popita kunja, kankanyezimira ndithu, koma injini inali itachepa. M'mbali mwake munatsala malo oti mphaka n'kugonamo, ndipo mabawuti onse anali atsopano.

"Iwe, kodi injini imaonda?"

"Achimwene, mwakhalitsa kunja, mwaiwala," anatero mng'onoyo akuseka, maso ali kumatayala. "Kagalimoto kopepuka chonchi sikafuna mphamvu zambiri. Awirife tikhoza kukanyamula. Injini yaikulu ingokuponyerani m'ngalande."

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinamuwawa kwambiri mkuluyo. Mawuwo anali ake omwe. Ankawanena kalekale pomuphunzitsa kuyendetsa, mng'onoyo miyendo isanafike bwino pa buleki.

Kuseri kwa nyumba wina analiza galimoto. Inayamba yatsokomola, kenako inabangula ndi liwu lomwe mkuluyo akanalizindikira ngakhale ali m'tulo.

"Nanga icho n'chiyani?"

"Kalole kanga konyamulira mchenga," anayankha mng'onoyo, kuseka kutatheratu. "Tiyeni m'nyumba achimwene, tiyi akuzizira."