Wothamanga Sacheuka

Dzuwa litalowa, makanika anamanga nsapato n'kuyamba kuthamanga monga mwa masiku onse: kukwera chitunda, kutsetsereka, kenako kanjira kowonda ka m'mbali mwa ngalande, kuseri kwa msika.

Kale ankathamanga njira imeneyi ndi mlamu wake. Lamulo lawo linali limodzi: ukamva mnzako akubwera m'mbuyo usacheuke, ungopatukira kumanja, iye akumenye kakhofi pamsana podutsa.

Mlamuyo anamuika mwezi watha. Anthu a pamsika anamuona akuthamanga kuli chisisira, wina n'kukuwa kuti, "Wakuba!" Miyala ndi zibonga zinamaliza nkhani. Tsiku limenelo makanika anali patsogolo.

Lero, makanika atafika pakamlatho ka pangalande paja, achule onse anangoti zii. M'mbuyo mwake munamveka mapazi, phazi limodzi likukhwekhwereza pansi. Miyendo yake inapatukira yokha kumanja.

Khofi linagwa pamsana ngati njerwa. Anagwa chafufumimba, dzino n'kuthyoka, magazi tho m'kamwa. Dzanja lonyowa, lozizira, linamukanikiza nkhope m'matope.

"Dzukani, alamu, tithamange," anatero mawu osasa pakhutu pake. "Koma musacheuke. Paja inu simucheuka, ngakhale munthu akukuitanani."