Chipumi Chafika Pansi

Julia, amene ankasamalira a Kalilu, Msilamu wokalamba, kunyumba kwawo ku Kanyenda, anawapeza atagwada, chipumi chili pansi. Iye ndi Mkhristu, koma ankadziwa kuti munthu akamaswali samusokoneza. Anaima pakhomo n'kumadikira, tiyi amene anawabweretsera akuzizira m'kapu.

Kenako anaona ndodo yawo ili patali, pafupi ndi madzi amene iye mwini anataya pasimenti n'kuiwala kukolopa. Anaika kapu pansi n'kuwathamangira.

"Agogo, mwagwa kodi?" Anawagwira mutu ndi chiuno, kufunafuna pomwe avulala.

"Ndagwadi, mwanangu," anatero motsitsa, magazi akuchucha pamwamba pa diso. "Koma zaka zonsezi mawondowa akhala akundikaniza kufika pansi pamaso pa Allah. Lero ndafika. Ndisiye kaye ndimalize."

Julia anabweza manja ake, n'kugwada pambali pawo.