Thonje, Masaka, Dizilo

Atate ake a Tiyanjane anaika chala pa chithunzi chozungulira cha m'lipoti la pachaka, chodulidwa magawomagawo ngati chigumu. Anali atavala jekete lawo la kutchalitchi, kuchokera ku Kasenengwa kudzaona kumene mwana wawo amagwira ntchito, ku kampani yogula thonje ku Chipata.

"Nanga ichi n'chiyani, mama?"

"Chikuonetsa chuma chimene kampani yapanga chaka chino, atate, ndi mmene chagawidwira. Apa antchito, apa boma, apa eni ake."

Atate anamwetulira. Chala chija, chong'aluka ndi makoko a thonje, chinayenda gawo ndi gawo.

"Tsono ife alimi tili pati?"

Lipotilo analilemba Tiyanjane mwini. Anagwira dzanja lawo n'kulitulutsa m'chithunzimo, mpaka pamzere wa zinthu zimene kampani imagula, zomwe amayamba achotsa asanagawe chuma. Anawawerengera chapansipansi.

"Thonje, masaka, dizilo."

Atate anauyang'anitsitsa mzerewo. Pochotsa chala, anaona kuti chasiya dothi papepala. Anayamba kupukuta ndi mkono wa jekete.

"Pepani, mama," anatero. "Ndakudetserani ntchito."