Kachidutswa ka Chipsepse

Lefina anaika mbale m'mphepete mwa dziwe n'kuvundukula nsalu. M'mbalemo munali chambo chachikulu, atachitumbula kale.

"Ndati ndikuchepetsereni ntchito, achimwene," anauza Kassim, wofufuza za mbewu ya nsomba amene anali atangotsika panjinga yamoto. "Ndinamva kuti mudzaona za m'kati mwake."

Kassim anayang'ana kasizasi kamene kanali m'dzanja lake, kenako beseni la madzi limene anakonzera nsombayo.

"Amayi, ife timangodula kachidutswa ka chipsepse, kochepa ngati chikhadabo. Tikakaunika pamakina, timaona zimene nsomba inatengera kwa makolo ake. Mwiniwakeyo timam'bwezera m'madzi ali wamoyo."

Lefina anayang'ana padziwe. Dziweli analikumba ndi malemu amuna ake, a Levison, pamene panali nazale ya fodya, chaka chimene dzina lawo linasowa pa makuponi a fetereza. Mwa nsomba zoyamba zimene anaikamo, inatsala inali yomweyi, mayi wa dziwe lonse.

Anagwada, natsegula kukamwa kwa chambocho ndi chala. Munali mutatsalira mazira achikasu amene chinkafungatira m'kamwamo.

"Nanga awa," anafunsa motsitsa mawu, "simungawabwezere?"