Zala za a Duncan

Makatoni a nkhuku anali mbwee pansi m'chipinda chozizira. A Duncan, amene anawagwetsa, anali akadali pa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu.

"Kachiwiri aka," anatero abwana. "Tsikani, muzipita kwanu ku Wimbe. Ntchito yatha."

Ine ndinapsa mtima. Zovala zomwe abwanawo anatigulira n'zimene ankagulira antchito kuesiteti yawo ya fodya: majekete a mvula, magambutsi ndi magolovesi apulasitiki. Ndinkawauza kuti kozizira kuno kumafunika zaubweya mkati, koma sankamva.

"Bwana, ife timayendayenda, timanyamula, thupi limafunda. Madalawa amangokhala pampando tsiku lonse, chisanu n'kumawadya!"

"Iwe Lusiya, pakamwa pakopo!"

"Chabwino, achotseni. Koma munthu wamkulu satsanzikana naye chapatali. Apatseni dzanja."

Abwana anatambasula dzanja monyinyirika. A Duncan, poti ndi aulemu, sakanapereka moni atavala golovesi. Anayesa kuivula koma zala zinakana, mpaka anachita kuikoka ndi mano. Zalazo zinali zotuwa, zouma gwa ngati makaka.

Abwana anazigwira, osazisiya msanga. Anayang'ana magambutsi a madalawo, kenako anatembenukira kwa ine.

"Zovala zaubweya mkati umanena zija, zimapezeka kuti?"