Migwalangwa ya ku Beira

"Imitsa galimoto iwe!" anakuwa mayi Nangondo, atagwira kondakitala pakolala.

Minibasi ya ku Bangwe inaima. Chinawatsitsa ndi migwalangwa iwiri ya simenti, umodzi wopindika ngati nkhalamba. Mpanda umene unkaibisa zaka zonsezi unali utangogwetsedwa, ndipo pamalopo anthu ankatsuka magalimoto.

M'Baibulo mwawo anasololamo positikhadi imene amuna awo, a Lucius, anatumiza mu 1984. Panali chithunzi cha motelo yapinki, dziwe losambiramo, ndi migwalangwa yomweyo.

Poti sukulu anangoidutsa kuseri, amene anawawerengera nthawi imeneyo anali Eliness, mnzawo woyandikana nawo nyumba: "Ndili ku Beira, ndibwera nkhondo ikatha." Nkhondo inatha, munthu osabwera. Mapeto ake abale anakwirira thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo.

"Achimwene, pano panali chiyani?" anafunsa mkulu wina waimvi amene ankapukuta galasi.

"Motelo, amayi. Inapsa kalekale. Ine ndinali mlonda."

"A Lucius munkawadziwa?"

"Akhuki athu aja? Anatsalira m'moto momwemo, tinawaika ku Chilobwe. Mkazi wawo ndiye anatimvetsa chisoni. Mayi Eliness, a ku Bangwe. Loweruka lililonse ankagona pano."

Mayi Nangondo anakhala pansi pa mgwalangwa wopindika uja. Beira yonse ija inali masiteji anayi kuchokera pakhomo pawo.

Anakumbukira maliro a nthochi aja. Amene analira kuposa onse, mpaka kukomoka, anali Eliness, yemwe m'mawa womwewu anabwera kudzapempha mchere.